16:8, 5:2 kapena kusala maola 24: iti ingapirire mandasi a 10 koloko?

Amene mukufuna kuchepetsa thupi posala kudya mwina mwamva kale njira zitatu zimene anthu amakanganirana: ya 16:8 (maola 16 osadya, maola 8 odyera), ya 5:2 (masiku 5 kudya, masiku 2 kudya pang'ono kwambiri), ndi yosala maola 24 kamodzi kapena kawiri pa sabata. Ine mmene ndimaonera, pa sikelo njirazi sizisiyana kwenikweni, kusiyana kwake kuli pa mayesero amene iliyonse imakumana nawo, nde musanasankhe yambani mwadzifunsa kuti ine chimandigwetsa ndi chani, mandasi a ku ofesi, nsima ya usiku, kapena kanyenya wa Loweruka.

Zoti sizisiyana kwenikweni sindikungopeka ayi. Mu 2022 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa ku Guangzhou ku China, anthu 139 kwa chaka chathunthu. Gulu lina limadya kuyambira 8 koloko mmawa mpaka 4 koloko madzulo basi, lina limadya nthawi iliyonse, koma onsewo anawachepetsera chakudya mofanana. Oyambawo anatsika makilo 8, enawo 6.3, ndipo ofufuzawo anati kusiyanako nkochepa moti sunganene kuti wathandiza ndi wotchi. Chikuwondetsa munthu ndi kuchepa kwa zimene zikulowa mkamwa, kusalako ndi njira chabe yozichepetsera.

Tiyambe ndi 16:8 poti ndi imene ambiri amaithamangira. Umakhala maola 16 osadya, nkumadya mkati mwa maola 8, ambiri amapanga 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku. Ubwino wake palibe zowerengera, umangoyang'ana nthawi. Koma abale anga tiuzane zoona, ambirife 16:8 tinaiyamba kalekale tisakudziwa nkomwe kuti ili ndi dzina. Munthu wadzuka 5 koloko ku Area 25 kapena ku Ndirande kuthamangira minibasi osalawa kanthu, chakudya choyamba ndi chipisi cha pa chiwaya 12 koloko chosambira mmafuta ndi ka Fanta pambali, madzulo mitanda inayi ya nsima, nkugona. Imeneyotu ndi 16:8 yeniyeni, koma lamba akusunthabe bowo chaka ndi chaka. Ku San Francisco anayesa zomwezi mu kafukufuku amene anatuluka mu 2020, anthu 116 kwa masabata 12, kungowauza ena kuti muzidya kuyambira 12 mpaka 8 osawauza zochepetsa, ndipo anatsika ndi kilo imodzi yosakwana nkomwe, pafupifupi chimodzimodzi ndi anzawo amene amadya katatu patsiku.

Vuto lina la 16:8 ndi loti nkhondo yake ndi ya tsiku ndi tsiku. Lolemba mpaka Lachisanu 10 koloko ikakwana tiyi wabwera, mayi wa mandasi walowa ndi beseni lake lovundikira kansalu, akadali otentha mpaka pepala lanyowa mafuta, iwe uzikana kasanu pa sabata? Kenako usiku magetsi azima, kuyatsa mbaula, nsima ikupsa 9 koloko, nthawi yako yodyera yatha kale. Ugone ndi njala ana akudya? Palibe angapirire zimenezo mwezi wathunthu. Nde ine 16:8 ndimaiona kuti imayenera munthu amene vuto lake ndi kutolatola zakudya usiku akuonera TV, komanso amene amaziphikira yekha nthawi imene wafuna.

5:2 anaitchukitsa ndi Michael Mosley, dokotala wa ku Britain uja anamwalira ku Greece mu 2024, kudzera mu pulogalamu ya BBC ya mu 2012. Masiku 5 umadya mwa nthawi zonse, masiku 2 osatsatizana umadya pang'ono kwambiri, makalori (muyeso wa mphamvu imene ili mchakudya) 500 amayi, 600 abambo. Masamu ake ndi okoma: ngati mumadya pafupifupi 2,000 patsiku, masiku awiriwo mwapungula 3,000 pa sabata, ndipo kilo imodzi ya mafuta a mthupi ndi makalori pafupifupi 7,700, nde mmasabata atatu kilo yapita, bola masiku asanu enawo musamabwezere.

Chovuta nchoti njirayi anaipangira anthu ogula zakudya za mmapaketi zolembedwa manambala kumbuyo. Nsima ilibe lebulo. Mtanda wa kwa amayi anu ndi mtanda wa ku lesitilanti si ofanana, chipande chake chimasiyana. Nde 500 imeneyi mmbale yathu imaoneka bwanji? Mazira awiri owiritsa ndi pafupifupi 150. Mbale yodzadza nkhwani kapena mpiru wophika ndi tomato ndi anyezi basi, ka usipa kodzadza mdzanja, ndi kamtanda kamodzi kakang'ono ka mgaiwa kapena ka mbatata kamodzi, mwafika. Wakuba wamkulu ndi mafuta ophikira, sipuni yaikulu imodzi yokha ndi 120, ndipo tonse tikudziwa kuti pothira mafuta mu ndiwo palibe amayeza ndi sipuni, timangopendeketsa botolo. Nsinjironso chimodzimodzi, masamba otendera ndi abwino mthupi koma tsiku la 500 amadya malo ambiri, mtedza magalamu 100 umapitirira makalori 550. Palinso anthu ena oti akalawa pang'ono mpamene njala imadzuka zenizeni, kwa iwowo kusadyiratu kumaphweka kusiyana ndi kudya dzira limodzi nkusiya.

Chimene 5:2 imaposera 16:8 nchoti masiku ake amasunthika. Mwakonza Lolemba ndi Lachinayi, mwadzidzidzi kwagwa maliro Lolemba, mwagona kusiwa, mmawa abweretsa nsima ya nyemba mmabeseni, simungayambe kufotokoza za dayeti pamenepo, idyani ndi anzanu, kusala mukapange Lachiwiri. Sabata sinawonongeke.

Tsopano ya maola 24, imene ineyo ndimaikonda kwa munthu wokhala pabanja. Chinsinsi chake nkuyambira pa mgonero kukathera pa mgonero. Mwadya nsima Lamulungu 7 koloko usiku, Lolemba mwadumpha kadzutsa ndi nkhomaliro, 7 koloko usiku mwakhalanso pa tebulo ndi banja lonse ngati palibe chachitika. Simugona ndi njala olo tsiku limodzi, wophika sakhumudwa kuti mwakana chakudya chake, ndipo apongozi akakhala kuti abwera kudzacheza palibe mafunso oti kodi mwana wangayu akukuphikirani zosakoma. Zowerengera makalori palibenso. Mayesero onse aunjikana pa maola a kuntchito a tsiku limodzi, ndipo kuuza mayi wa mandasi kuti lero ayi, mawa, nkophweka chifukwa mawalo mudzaguladi.

Koma ndisakunamizeni, kamodzi pa sabata imayenda pang'onopang'ono. Ngati zakudya ziwiri mwadumphazo ndi makalori 1,200, kilo imodzi ikutengerani masabata 6 kapena kuposa, mukapanga kawiri pa sabata nde atatu. Ndipo msampha wake uli pa 7 koloko pomwepo. Munthu wapirira tsiku lonse, wafika kunyumba fungo la nkhuku yokazinga lamuchingamira pageti, mtima ukuti lero nde ndagwira ntchito ndiyenera malipiro, mitanda isanu, kuwonjezera msuzi, kenako tiyi wa mkaka ndi buledi wopaka majarini. Zonse anapungula masana zabwerera mu mphindi 30. Chothandiza nkuyamba ndi madzi ndi nthochi imodzi kapena kapapaya pamene nsima ikuphikidwa, pa tebulo muyambe ndiwo zamasamba, ndipo mitanda muitchule nambala musanasambe mmanja, yomweyo imene mumadya masiku onse.

Amene munazolowera kusala kwa kutchalitchi kapena kwa Ramadan njirayi siikhala yachilendo, koma chonde musasakanize. Kusala kwa mapemphero kosamwa olo madzi kuli ndi cholinga chake, pa kusala kofuna kuwonda madzi imwani ambiri, tiyi kapena khofi wopanda shuga ndi mkaka nayenso alibe vuto. Kukhala osamwa madzi mu October ku Chikwawa kapena ku Salima sikusungunula mafuta, kumangokupatsani mutu ndi chizungulire.

Ilipo yachinayi yodumphitsa tsiku, lero kudya mawa kusala, koma sinditayapo nthawi. Ku Chicago anaiyesa kwa chaka mu kafukufuku wa anthu 100 amene anatuluka mu 2017, anthu 38 pa 100 aliwonse a gulu losalalo anasiyira panjira poyerekeza ndi 29 a gulu longochepetsa chakudya tsiku lililonse, ndipo kuwonda kwake kunali kofanana. Kuzunzika kwaulere.

Kaya mwasankha iti, njala imabwera ngati mvula ya mkuntho, imafika mwaukali nthawi imene munazolowera kudya chifukwa mthupi muli homoni yotchedwa ghrelin imene imakwera nthawi zimenezo, mukamwa madzi nkutanganidwa ndi ntchito imadutsa yokha. Nkhuli nde ina. Mukafuna kudziwa kuti ndi iti dzifunseni kuti atandipatsa mgaiwa wa bonongwe pompano ndingadye? Mukati ayi ndikufuna chipisi ndi mang'ina, imeneyo si njala. Tsiku losala musayende ndi tchenji mthumba, ngakhale masiku ano Mpamba ndi Airtel Money zapangitsa kuti olo wa chiwaya azikuuzani kuti ingotumizani pa foni, nde bola kungosintha njira osadutsa pamene pali utsi wa kanyenya. Lanchi ikakwana musakhale pa desiki kumaonerera anzanu akutsegula makontena, tulukani mukayende. Masiku osala musawaike Lachisanu kapena Loweruka, kuli maukwati, zinkhoswe ndi mabridal shower, ndipo sabata ya malipiro yembekezerani kuti ivuta kuposa ya pakati pa mwezi. Mukapita kwa eni ake nkukupatsani chakudya, kukana nkovuta kwathu kuno, nde lawani pang'ono kapena nenani kuti mundikulungire ndikadyera kunyumba.

Zakumwa nazo anthu amaziiwala. Botolo la Coca-Cola la 300ml muli shuga wokwana timasipuni ta tiyi pafupifupi 8. Sobo, maheu, thobwa, juwisi, mowa, zonsezi mwamwa nde kusala kwathera pompo, olo musatafune kanthu.

Sabata yoyamba sikelo idzatsika msanga, mwina kilo imodzi kapena ziwiri, musasangalale kwambiri, ambiri mwa amenewo ndi madzi amene amachoka thupi likamagwiritsa ntchito shuga wosungidwa mchiwindi ndi mminofu, ndipo amabwerera mukadya nsima. Muzikwera sikelo kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo mmawa musanadye. Mukonzekerenso pakamwa pa anthu, mukangotsika makilo asanu wina akufunsani monong'ona kuti kodi mukudwala, winanso aziti kunyumba kwavuta ndalama, poti kwa ambiri chimimba ndi umboni woti zikuyenda.

Njira zonsezi si za amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, si za ana, komanso si za munthu amene anavutikapo ndi matenda okana kudya kapena odya mosaletseka. Odwala shuga, makamaka obaya insulin kapena omwa glibenclamide, shuga angatsike mpaka kukomoka, nde osayamba musanakambirane ndi adokotala. A zilonda za mmimba, a BP ndi amene muli pa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku funsani kaye ku kiliniki, ndipo nthawi yomwera mankhwala isasunthe chifukwa cha kusala. Ngati mkati mwa kusala mwayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, maso kuchita mdima, imwani tiyi wa shuga mudye kanthu nthawi yomweyo, ndipo zikachitikanso ulendo wina pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi BP musanasalenso.