Ndinapita kwa mlangizi wa maganizo chifukwa cha mvula

Mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche atakokolola nyumba ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy, ndinataya achemwali anga. Ineyo ndinapulumuka chifukwa usiku umenewo ndinagona ku Limbe kwa mnzanga, kudikira kuti kukacha titsegule belo la kaunjika. Maliro atatha ndinabwerera pa benchi langa, ndipo aliyense ankati ndalimba mtima. Koma dzinja lotsatira, mvula ikangoyamba kugwa padenga la malata, mtima unkathamanga, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinkapezeka ndaima pakhomo ndi tochi pakati pa usiku kuyang'ana ngati madzi akubwera. Kuchipatala anandiyeza BP ndi shuga, zonse zili bwino. Namwino wina ndi amene anandinong'oneza za malo ena mu Blantyre momwemu kumene kuli alangizi a za maganizo. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule.

Nditawauza abambo akunyumba, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti mwayamba ulendo wa ku Zomba?" Ambiri a ife tikamva za matenda a maganizo timangoganiza za Zomba Mental kapena St John of God ku Mzuzu. Kumene ndinapitaku kulibe bedi, kulibe jakisoni. Ndi nyumba wamba, chipinda cha mipando iwiri, wotchi pakhoma ndi tishu patebulo. Mumakhala mphindi 50 kamodzi pa sabata, ndipo ine ndinapita ka 8.

Tsiku loyamba mayi amene ankandithandizawo anandifunsa za tulo, za kudya, kenako mosapita m'mbali anati, "Mayi, munayamba mwaganizapo zodzipha?" Ndinadzidzimuka, koma funsolo linandimasula. Anandiuzanso kuti zokamba zathu zithera m'chipindamo, pokhapokha ataona kuti moyo wanga kapena wa munthu wina uli pachiswe. Mankhwala iwo salemba. Akaona kuti akufunika amakutumiza kwa dokotala.

Vuto langa analitchula kuti PTSD, n'kulifotokoza m'Chichewa chomveka: thupi langa linaphunzira kuti phokoso la mvula ndi imfa, ndipo likufunika kuphunzitsidwanso. Anayamba ndi kupuma, kukoka mpweya ndikuwerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6. Kunena zoona ndinaona ngati zachibwana, ndalama zanga zikupita pophunzira kupuma. Kenako anandiuza kuti ndigule kope, ndizilemba chomwe chachitika, chomwe ndaganiza, ndi chomwe thupi lachita. Sabata yachinayi anayatsa phokoso la mvula pafoni yawo, kwa mphindi imodzi yokha. Ndinagwira mpando mpaka zala kuchita dzanzi. Sabata zotsatira tinkawonjezera nthawi.

Chomwe chinandipweteka kwambiri chinatuluka m'kope muja. Tsamba lililonse ndinali nditalemba kuti ndikanapita kukawatenga achemwali tsiku lija. Mayiwo sananene kuti zinali zolembedwa, kapena kuti ndisalire, mawu amene ndinawamva mpaka kutopa pa maliro. Anangofunsa kuti, "Madzulo a tsiku limenelo, inu munkadziwa chiyani?" Ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuti kukugwa mvula, basi, monga ankadziwira wina aliyense mu Blantyre. Iwo sanandithamangitse, anangondikankhira tishu uja pafupi. Pamenepa ndi pomwe ndinaona kuti ntchito yawo amaidziwa.

Tsopano zodandaula. Fomu yolembetsera ndi ya Chingerezi yokhayokha, moti amayi anga akanabwerera pakhomo. Khoma la pakati pa chipinda ndi podikirira ndi lopyapyala. Tsiku lina ndinkamva bambo wina akulira mkatimo, ine n'kuyamba kudzifunsa kuti kaya ndi angati anandimva ine. Kayikeniko wailesi podikirira paja, chonde. Tsiku linanso anasintha nthawi osandiimbira, ine nditatseka kale benchi ndi kulipira minibasi. Anapepesa, koma tsiku la malonda linali litapita.

Mtengo ndiye nkhani. Ulendo umodzi unkadya phindu la masiku angapo. Podikirira paja ndinkakumana ndi mtsikana wa yunifomu ya sekondale, banja lina losayang'anana, mnyamata amene ankati akulimbana ndi mowa, ndipo ena mwa iwo ankangosowa pakatha sabata ziwiri. Ndikukhulupirira kuti ndi ndalama. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira. Benchi ngati limenelo likanakhala pa msika uliwonse, amayi anzanga ambiri akanakhalapo.

Wondifunsa ngati apite, ndimamuuza kuti apite, koma ayambe wafunsa mtengo ndi kuchuluka kwa maulendo, asadzasiyire panjira. Mvula yoyamba ya dzinja lapitali inandidzutsabe cha m'ma 2 koloko usiku. Ndinakhala tsonga pabedi, n'kuwerenga mpaka 4, mpaka 6, kangapo. Tochi inali pansi pa pilo, koma pakhomo sindinapite.