Photomath pa masamu ogawa mapawa: yang'anani kaye zimene kamera yawerenga

Photomath ndi pulogalamu ya pafoni imene imajambula samu ndi kamera n'kukupatsani yankho pamodzi ndi masitepe ake. Inapangidwa ku Zagreb m'dziko la Croatia, inatuluka mu 2014, ndipo pano mwini wake ndi Google. Ilipo pa Android ndi pa iPhone. Pano tikuyiyeza pa ntchito imodzi yokha, imene imagwetsa ana ambiri a sekondale pa mutu wa indices: kufupikitsa samu ya algebra pogawa mapawa, timanambala tolembedwa pamwamba pa chilembo kapena nambala, monga 2 wa pa x².

Lamulo lake ndi lalifupi. Base, kutanthauza chilembo kapena nambala imene yanyamula pawa, ikakhala imodzi, pogawa timachotsera mapawa: x⁷ ÷ x³ = x⁴, chifukwa ma x atatu apansi amafafanizana ndi atatu mwa asanu ndi awiri apamwamba, n'kutsala anayi. Pa samu ngati imeneyi Photomath silakwa. Ubwino wake umaoneka samu ikakhala ndi zilembo zingapo, monga 12a⁵b³ kugawa ndi 4a²b. Mukatsegula masitepe mumatsatira chidutswa chilichonse pachokha: 12 kugawa ndi 4 ndi 3, a⁵ kugawa ndi a² ndi a³, b³ kugawa ndi b ndi b², yankho n'kukhala 3a³b². Mwana amene amachotsera 4 pa 12 n'kulemba 8a³b² amaona pomwepo pamene anasokonezera. Manambala akutsogolo amagawidwa, mapawa okha ndiwo amachotseredwa. Winanso amene amaiwala kuti b yopanda kanambala pamwamba ili ndi pawa ya 1 amadzigwira yekha. Buku lokhala ndi mayankho kumapeto silingamuchitire zimenezi, limangomuuza kuti walakwa.

Vuto lalikulu lili pa kamera, ndipo pa mutu uno ndi lalikulu kuposa pa mitu ina, chifukwa pawa ndi kanambala kakang'ono ndipo tanthauzo lake lili pa malo pamene kakhala. Mukalemba x² koma 2 osamukweza bwino, makina akhoza kuwerenga x kuchulukitsa ndi 2. Kamzere ka negetivu ka pa x⁻² kakakhala kosaoneka bwino, monga zimakhalira pa mapepala ofotokopa inki itachepa, kamasowa, ndiye x⁵ ÷ x⁻², imene yankho lake ndi x⁷, imasanduka x⁵ ÷ x² n'kutulutsa x³. Masitepe onse adzaoneka olondola, poti pulogalamuyo yawerengera bwinobwino samu ina, osati yanu. Chilembo b cholembedwa mothamanga chimafanana ndi 6, z ndi 2, ndipo x wamba amafanana ndi chizindikiro chochulukitsira. N'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira x wopindika uja.

Chochita n'chophweka. Lembani ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu, mapawa akhale okwera ndithu. Jambulani powala, foni ili chogona molunjika pepala. Kokani kabokosi ka pa sikirini kuti kazungulire samu imodzi yokha, nambala ya funso isalowemo. Musanayang'ane yankho, yerekezani samu imene yatuluka pa sikirini ndi ya papepala, pawa ndi pawa. Ngati zasiyana, konzani ndi kiyibodi ya m'pulogalamu momwemo, imene ili ndi batani la pawa ndi la fulakishoni.

Polemba ndi kiyibodi palinso msampha. Samu ya 12a⁵b³ ÷ 4a²b ikalembedwa pamzere umodzi popanda mabulaketi imamveka pawiri. Wowerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja agawa ndi 4 yekha, kenako achulukitsa ndi a²b, n'kupeza 3a⁷b⁴. Ilembeni ngati fulakishoni, kapena tsekerani 4a²b yonse m'mabulaketi.

Pali zina zimene pulogalamuyi singadziwe chifukwa mwaijambulira samu yokha, osati malangizo a funso. x³ ÷ x⁵ ndi x⁻², imenenso ndi 1/x². Zonse n'zoona, koma funso likanena kuti yankho likhale ndi mapawa a pozitivu, lolandirika ndi lachiwirilo, ndipo udindo woona zimenezo ndi wa wophunzira. Pa 2⁶ ÷ 4² makina atulutsa 4, koma chimene mphunzitsi akufuna kuona n'chakuti mwasandutsa 4² kukhala 2⁴ kuti base ifanane, kenako 2⁶ ÷ 2⁴ = 2². Njira imene pulogalamu yasankha siikhala nthawi zonse imene mutu wa m'kalasi ukuphunzitsa, choncho onani ngati yaika njira ina pansi pa yoyambayo. Pa x⁴ ÷ x⁴ = x⁰ = 1 mphunzitsi azikumbutsabe kuti x asakhale 0, pakuti sitigawa ndi ziro.

Samu imene timalimbikitsa kuti mwana aliyense aiyese yekha kaye, kenako aijambule, ndi (x⁵ + x³) ÷ x². Ambiri amagawa chidutswa choyamba chokha n'kupeza x³ + x³. Yankho loona ndi x³ + x, chifukwa x² ikuyenera kugawa zidutswa zonse ziwiri. Kuona masitepe a samu imodziyi kumachotsa chizolowezi choipa chofafaniza paliponse pamene zilembo zafanana.

Mafotokozedwe ake ali m'Chingerezi ndi zinenero zina, Chichewa mulibe. Kwa ana a sekondale si chopinga kwenikweni poti masamu amaphunzira m'Chingerezi, koma kholo lothandiza mwana kunyumba lingavutike ndi mawu ena. Pali Photomath Plus yolipira, yokhala ndi mafotokozedwe owonjezera ndi zithunzi zoyenda. Pa kugawa mapawa sitikuona chifukwa cholipirira, masitepe aulere ndi okwanira.

Tikuivomereza kwa aphunzitsi okonza mayankho a ntchito ya kunyumba ndi kwa ophunzira amene amayamba alemba okha samu yonse mu kope asanatsegule foni. Wokonzekera JCE kapena MSCE azichita masamu khumi foni ili kutali, ajambule okhawo amene wakayikira, poti m'chipinda cha mayeso a MANEB foni siloledwa.