Relay za digito patatha miyezi 15 pa chigayo chathu ku Chinika

Mu Novembala 2023 tinachotsa relay (zida zimene zimalamula buleka kudula magetsi pakachitika vuto) zakale za disiki yozungulira pa chigayo chachikulu chimene ndimayang'anirako magetsi ku Chinika, muno mu Lusaka, n'kuikapo ziwiri za digito. Imodzi ili pa buleka ya 11 kV yolowetsa magetsi a ZESCO ku thiransifoma yathu ya 1,000 kVA, inayo ili pa bolodi lalikulu la 400 V. Patangopita milungu itatu ndinalemba kuti ndakhutira nazo, koma pamenepo magetsi ankabwera tsiku lonse ndipo zinali zisanakumane ndi mayeso enieni. Mayesowo anadza ndi chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene load shedding inayamba ndi maola 8 mu Malichi n'kufika pokhala maola 21 opanda magetsi mu Seputembala.

Vuto loyamba linali kutripa kwa buleka ya 11 kV magetsi akangobwerera. Sizinkachitika nthawi zonse, mwina kamodzi pa maulendo asanu, ndipo anzanga ambiri anafulumira kunena kuti relay ndi yabodza. Chimene chinathetsa mkangano ndi kaundula wa zochitika amene relay imasunga, pakuti titamutsegula pa laputopu tinaona kuti imene ikutripa ndi mbali ya relay yotchedwa 50, yodula magetsi mosadikira nthawi akapitirira mlingo, imene kontrakitala anaisiya pa 400 A. Thiransifoma imeneyi ikadzaza imakoka pafupifupi 52 A ku mbali ya 11 kV, koma poyatsidwa imatha kukoka kuwirikiza 8 mpaka 12 kwa kanthawi kochepa, ndipo kukula kwake kumadalira pamene volteji ili pa mphindi imene buleka yatsekedwa. N'chifukwa chake tsiku lina zinkadutsa bwino, tsiku lina ayi. Kale tinkayatsa thiransifoma kawiri kapena katatu pa chaka, choncho cholakwikacho chinabisala, pamene tsopano inkayatsidwa tsiku ndi tsiku.

Nditawerengera bwino ndinapeza kuti 400 A inali yolakwika pa chifukwa chinanso. Popeza impedance ya thiransifoma yathu, imene imaika malire a kukula kwa shoti, ndi 5 peresenti, shoti ya pa bolodi la 400 V imaoneka ngati 1,050 A ku mbali ya 11 kV, kutanthauza kuti relay yam'mwamba ikanalanda ntchito ya yam'munsi n'kuzimitsa fakitale yonse. Tinakweza mbali ya 50 kufika pa 1,300 A, tinayatsa second harmonic blocking (imene imaletsa relay kutripa chifukwa cha kukoka kwa poyatsa thiransifoma), ndipo mbali ya 51, yodikira nthawi isanatripe, tinaisiya pa 65 A ndi mpindo wa standard inverse wa IEC 60255 (shoti ikakula, kudikira kumachepa), TMS, nambala yotalikitsa kapena kufupikitsa kudikirako, ili 0.25, kuti pakati pa relay ziwirizo pakhale mpata woposa masekondi 0.3. Kuyambira pamenepo siinatripenso popanda chifukwa.

Chachiwiri ndicho chinandisowetsa tulo, ndipo mlandu wake ndi wanga. Mu Julaye eni chigayo anagula jenereta ya 500 kVA, tinailumikiza ku bolodi lomwelo, koma masetingi a relay ya 400 V sindinawakhudze. Anakhalabe pa 1,600 A ndi TMS 0.1, manambala oyenera thiransifoma imene ingathe kuponya pafupifupi 29,000 A pa shoti. Jenereta ilibe mphamvu zotere, ndipo yathu siipitirira kwenikweni katatu pa 720 A yake. Usiku wina khoswe, amene sasowa pamalo pamene pali chimanga, analowera pa bowo la kebulo n'kugona pa mabasibala, zitsulo za mkuwa zonyamula magetsi mkati mwa bolodi. M'mawa ndinapeza chitseko cha bolodi chada ndi mwaye mkati, mkuwa wasungunuka pakona, fungo la ubweya wopsa lili thoo. Kaundula anasonyeza 2,000 A, ndipo pa mlingo umenewo relay inadikira masekondi opitirira atatu monga mmene ndinaiuzira. Ikanakhala yakale ija, sindikanadziwa n'komwe kuti moto unayaka nthawi yaitali chotero.

Apa ndi pamene ndinayamikira magulu a masetingi, amene amalola relay kusunga manambala osiyana a nthawi zosiyana, chinthu chimene m'ndemanga yoyamba ndinachitcha chokongoletsera chabe. Gulu lachiwiri tinaliika pa 800 A, ndipo limalowa lokha kudzera pa kontakiti ya changeover (swichi yosinthira pakati pa ZESCO ndi jenereta) jenereta ikatenga katundu, kotero kuti shoti yofanana ndi ija ingadulidwe sekondi isanakwane. Mtengo wake ndi wakuti amisiri a usiku ayenera kuyatsa mamota a zigayo imodzi imodzi, apo ayi relay imaona ngati pali vuto. Anadandaula mlungu woyamba, kenaka anazolowera.

Pali mabatire a 110 V amene amapatsa buleka mphamvu yotripira. Chaja yake inkadya ku mbali ya ZESCO yokha, ndipo maola atatu pa tsiku sanali okwanira kuwadzaza. Relay inaliza alamu volteji itatsika, tinasamutsira chajayo ku bolodi lodyetsedwa ndi jenereta, nkhani inathera pomwepo.

Zondinyansa zilipo. Kusintha masetingi pa mabatani a kutsogolo ndi ntchito yotopetsa, chifukwa kagalasi kake ndi kakang'ono ndipo fumbi la ufa limakakuta mlungu usanathe, choncho popanda laputopu munthu angalakwitse nambala mosavuta. Wotchi za relay ziwirizo zimasiyananso pang'onopang'ono, moti poyerekeza zochitika ndimayamba ndakonza nthawi pamanja. Koma mu Januwale, titaziyesa ndi makina a secondary injection, olowetsa magetsi oyesera mu relay, nthawi zotripira zinagwirizana ndi zimene zili pa pepala m'magulu onse awiri, ndipo ndapempha kale kuti ya mtundu womwewu iikidwe pa thiransifoma yachiwiri imene tikuyembekezera, pamodzi ndi waya wogwirizanitsa wotchi za zitatuzo.