Kompyuta yamagemu pabalaza yakhazikika, koma PS5 sinatsike pashelefu

Nditalemba koyamba za kompyuta yaing'ono imene ndinaika pansi pa TV, inali idakali yatsopano ndipo ndinkangoiyamikira. Imayaka n'kulowa mu Steam, sitolo ya magemu apakompyuta ya kampani ya Valve, osadutsa kwina, magemu anga akale anaukanso, ndipo kugula gemu kunasiya kuwawa m'thumba. Pano yapyola mvula, chisanu ndi fumbi la mu Okutobala, ndiye ndikhoza kulankhula mosaphethira. Ndikakhala ndekha ndimayatsa kompyuta. Pakhomo pakakhala anthu, imene imayaka ndi PS5.

Kwa amene sanawerenge zoyambazo: m'kabokosimo muli purosesa ya Ryzen 5 5600, khadi ya zithunzi ya AMD Radeon RX 6600, RAM ya 16 GB ndi SSD ya 1 TB. Mulibe Windows. Ndinaikamo Bazzite, mtundu wa Linux womangidwa pa Fedora umene umatengera maonekedwe a SteamOS, Linux ya magemu ya Valve, moti zonse umayendetsa ndi padi uli gone pa sofa. Khadi ya AMD ndinaisankha dala, chifukwa ndi imene imamvana bwino ndi maonekedwe amenewa.

Zaka khumi zapitazo zimenezi zikanakhala kutaya ndalama. Valve inayesapo kale mu Novembala 2015, pamene makampani monga Alienware ndi Zotac anatulutsa ma Steam Machine oyamba, makompyuta amagemu apabalaza oyendera SteamOS. Anagwa chagada. M'miyezi isanu ndi iwiri yoyamba sanagulidwe ngakhale 500,000, ndipo pofika 2018 Valve inawachotsa poonekera m'sitolo yake. Vuto linali lakuti makinawo ankangosewera magemu olembedwera Linux, amene anali ochepa. Chinasintha zinthu ndi Proton, pulogalamu imene inatuluka mu Ogasiti 2018. Imaima pakati n'kumamasulira zimene gemu ya Windows ikupempha kuti Linux izimve. Steam Deck, kamakina ka Valve kosewerera m'manja, itabwera mu Febuluwale 2022, opanga magemu anayamba kulabadira ngati gemu yawo ikuyenda pa Proton, ndipo ife omanga tokha tikungodya nawo zimene Deck inalima.

Chimene sindinatope nacho mpaka lero ndi kugoneka makina. Ndili pakati pa Elden Ring, foni yalira, ndimagoneka kompyuta pomwepo. Mawa lake ndikaidzutsa, munthu wanga ali chiimire pamene ndinamusiya. PS5 nayo imatero, koma pa kompyuta ya masiku akale zinali maloto. Magetsi akathima, zonse ziwiri zimafa imfa imodzi, ndiye UPS yaing'ono, batire yogwirizira makina magetsi akathima, musaiiwale pa bajeti. Fumbi nalo silisankha, kungoti kompyuta ndimaitsegula ndi sikuludilaiva n'kupukuta feni popanda mantha.

Ndalama ndiye pamene kompyuta yaonetsa mano. Kusewera pa intaneti ndi anzako pa Steam n'kwaulere, pamene pa PlayStation magemu ambiri ogula amafuna umembala wolipira wa PS Plus, umene ku America wotsikitsitsa unafika $79.99 pachaka mu Seputembala 2023. Steam imagwetsa mitengo kwambiri mu Juni ndi Disembala, ndipo gemu ukaigula n'kuona kuti sikukoma, amakubwezera ndalama bola usanaisewere maola awiri komanso asanathe masiku 14. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kuno, kulipira madola ndi khadi ya kubanki ndi nkhani ina payokha, koma vutoli limakhudza mbali zonse ziwiri. Pamene PS5 imaposa ndi pa diski. Diski umabwereka kwa mnzako, umasinthanitsa, ukatopa nayo umagulitsa. Gemu ya pa Steam ukagula wagula, ilibe msika wa kaunjika.

Bandulo ndiye inandidzidzimutsa. Kupatula ma apudeti a magemu, Steam pa Linux imadawuniloda zinthu zotchedwa shader cache, timafayilo tokonzeratu zithunzi kuti gemu isamadodome ikakumana ndi malo atsopano. Timabwera pafupipafupi, ndipo ukakhala ndi magemu ambiri m'makina timadya data mwakachetechete. Amene ali ndi intaneti yopanda malire sangazindikire n'komwe. Ine ndinazithimitsa m'ma settings, ma apudeti ndinawauza kuti azidikira usiku, ndipo magemu amene sindikusewera ndimawachotsa. Kudodoma kumakhalapo pang'ono mphindi zoyamba, kenako kumatha.

Tsopano nkhani ya alendo. Loweruka lina alamu anga anabwera ndi anyamata awo awiri. Wamkuluyo anatenga padi, n'kuyenda m'ndandanda wonse wa magemu kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako anandiyang'ana.

"Ankolo, mpira uli pati?"

"Mpira uli ku PS uko."

"Nanga ichi ntchito yake n'chiyani?"

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Ndinasintha HDMI, ndipo madzulo onse anathera pa FC, gemu ya mpira imene kale inkatchedwa FIFA. Mnyamatayo sanalakwe kufunsa. Pitani m'mashopu osewerera magemu ku Ndirande kapena ku Kawale mukaone chimene chili pa sikirini: ndi mpira, kuyambira m'mawa mpaka kutseka. Makina apabalaza opanda mpira, kwa anthu ambiri kwathu kuno, ndi chokongoletsera basi.

Chifukwa chake si kuchepa mphamvu. Kuyambira pa FIFA 23 mu 2022, EA, kampani yopanga gemuyi, inaika pa PC pulogalamu yogwira obera imene imalowa mkatikati mwa Windows, pamalo otchedwa kernel. Zili ngati mlonda amene wakana kulondera pageti, akufuna makiyi a kuchipinda. Windows imamupatsa. Pa Linux aliyense akhoza kusintha kernel mmene akufunira, ndiye makampani amati obera angabisale mosavuta, n'kungotseka chitseko. Valorant, Fortnite ndi ma Call of Duty atsopano salowa. GTA Online inasiya kulowa mu Seputembala 2024 itaikidwa BattlEye, ndipo Apex Legends, imene inkayenda bwinobwino, inatseka Linux mu Okutobala chaka chomwecho. Chowawa n'chakuti BattlEye ndi Easy Anti-Cheat, mapulogalamu enanso ogwira obera, zimagwira ntchito pa Proton kuyambira 2021, kungoti mwini gemu ayenera kuvomera. Epic ndi mwini wa Easy Anti-Cheat, komabe Fortnite yake sanaivomereze. Apa ndi pamene ndimaona kuti tsogolo la makinawa lili m'manja mwa makampani ena, osati a Valve okha.

Ena angati ingoikamoni Windows pambali. N'zotheka, ndipo mpira uyenda. Koma Windows inapangidwira munthu wokhala patebulo ndi kiyibodi ndi mawusi, ndiye ukaiika pabalaza cholinga chonse chija chimasokonekera.

Ngakhale pa Bazzite kiyibodi sinachoke kotheratu. Ndili ndi kakang'ono kopanda waya kamene kamagona pansi pa khushoni. Magemu ena akamayamba amatsegula kawindo ka kampani yawo kofuna imelo ndi pasiwedi, zilembo zake zing'onozing'ono zoti uchite kudzuka n'kukayandikira TV. Komanso makhadi wamba a zithunzi alibe HDMI-CEC, njira imene imalola kuti PS5 ikayaka, TV nayo iyake n'kupita yokha pa chanelo choyenera. Kwa ine ndi limoti kaye, kenako batani la pabokosi, kenako padi. Ndi zazing'ono, koma ndi zimene zimachititsa kuti mayi akunyumba kapena mwana asaiyatse yekha. Palinso nkhani ya HDMI 2.1: mu 2024 bungwe la HDMI Forum linakana kuti AMD iike ukadaulowu m'madalaivala ake otseguka a Linux, moti ofuna 4K pa 120Hz anayenera kudutsa njira zokhota. TV yanga ndi ya 60Hz, ndiye ineyo sizindisowetsa tulo.

Steam Machine yatsopano imene Valve inalengeza mu Novembala 2025 ikuoneka kuti inapangidwa ndi anthu amene anakhalapo pa sofa ngati yanga. Ndi kabokosi ka mainchesi pafupifupi asanu ndi limodzi mbali zonse, kokhala ndi purosesa ya AMD Zen 4 ya ma core 6, zithunzi za RDNA 3, RAM ya 16 GB ndi ina ya 8 GB ya zithunzi, ndipo Valve ikuti mphamvu zake zimaposa Steam Deck kasanu ndi kamodzi. Ili ndi CEC, ndipo padi yake yatsopano ikhoza kuidzutsa. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti makina onse ndi ofanana, ndiye opanga magemu ali ndi chinthu chimodzi choyesera, monga zimakhalira ndi PlayStation. Ya 8 GB ija ndiyo ikundikayikitsa. Khadi yanga ilinso ndi 8 GB, ndipo magemu akuluakulu atsopano ayamba kale kundikakamiza kutsitsa ma texture, kutanthauza kuoneka bwino kwa zinthu za mu gemu. Pa TV ya 4K makinawo adzadalira kwambiri FSR, imene imajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa.

Pa mtengo, Valve inanena poyera kuti udzakhala wofanana ndi wa PC ya mphamvu zotere. Sony ndi Microsoft amatha kugulitsa makina mopanda phindu, nthawi zina moluza, podziwa kuti gemu iliyonse udzagula m'sitolo mwawo. Valve nayo imadya gawo lake pa gemu iliyonse ya pa Steam, koma bokosi lake ndi kompyuta yeniyeni. Ikalitchipitsa kwambiri, maofesi akhoza kugula mazanamazana n'kumalembera malipoti, osagulapo gemu ngakhale imodzi. Onjezerani kukwera kwa mitengo ya RAM kumene kunayamba kumapeto kwa 2025, malo osungira makompyuta a AI atayamba kukokolola zonse.

Komabe ma console nawo asiya khalidwe lawo lakale lotsika mtengo akamakalamba. PS5 inayamba pa $499 mu 2020, ndipo mu Ogasiti 2025 inakwera kufika $549 ku America. PS5 Pro inatulukira pa $699. Xbox Series X inakwera kawiri m'chaka cha 2025 chokha mpaka $649, ndipo Game Pass Ultimate, umembala wa magemu wa Xbox, inafika $29.99 pamwezi mu Okutobala chaka chomwecho. Mpata umene unalipo pakati pa console ndi kompyuta ukuchepa kuchokera mbali ya console. Microsoft ikuoneka kuti yavomereza kale: ROG Xbox Ally ya mu Okutobala 2025, yosewerera m'manja, ili ndi dzina la Xbox, koma mkati mwake ndi Windows, ndipo Steam imalowamo. Sony nayo inabweretsa God of War ndi Spider-Man pa PC mu 2022, moti zina zimene ndinagulira PS5 pano ndikanazisewera pa kabokosi kanga, ndikanakhala wodekha.

Ndiye wondifunsa chogula ndimamufunsa kaye chimene amasewera komanso amene amasewera naye. Wokonda magemu a nkhani, a mipikisano yamagalimoto, ang'onoang'ono a opanga odziimira paokha, amenenso sadandaula kugwira ma settings mwa apo ndi apo, kompyuta imubwezera ndalama zake pang'onopang'ono. Nyumba ya mpira, Call of Duty ndi Fortnite igule console, isadzivute.

Wodikira GTA VI ndiye asaganize kawiri. Rockstar, kampani yopanga gemuyi, inalengeza 19 Novembala 2026 ngati tsiku lotulukira, pa PS5 ndi Xbox Series basi. GTA V inatuluka pa console mu Seputembala 2013, ndipo a PC anaiona mu Epulo 2015.