Malo a boma amene ndinawataya

Ndikulemba ndili ku Johannesburg, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mabwana anga, ndipo ndikulembera inu akwathu ku Mulanje, makamaka inu amene mumatisungira ana ife tili kuno ku Joni. Ndinachoka ku Limbuli mu 2016. Ntchito yanga ndi ya m'nyumba: kuchapa, kusita, kulera ana a eni. Wangayo, mtsikana mmodzi yekha, ndinamusiya m'manja mwa agogo ake ndi amalume ake.

Mu 2022 analemba mayeso a Sitandade 8. MANEB itatulutsa zotsatira achimwene anandiimbira akuseka ndi chimwemwe, amvekere wakhoza, wasankhidwa ku CDSS, sekondale ya boma yoyendera ya kwathu konko. Ine mtima unangoti zii. Maloto anga anali a Providence ku Chisitu, kapena sukulu ina iliyonse yogonera komweko. CDSS ndinkaionabe ngati ma MCDE akale aja, kumene kunkapita otsalira.

"Chemwali, malo a boma sataya," anatero achimwene. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Lero muli pa ntchito, nanga mawa?"

Ndinawayankha mawu amene mpaka pano amandiwawa ndikawakumbuka. Ndinati, "Ndiye ndikuvutikiranji kuno ngati mwana wanga aziyenda wapansi kupita ku CDSS?" Sabata yomweyo ndinatumiza ndalama pa Mukuru, mwana anakayamba Folomu 1 pa sukulu ina ya pulayiveti, yogonera komweko. Matiresi, chidebe, nsapato zakuda, yunifolomu ziwiri. Chithunzi chake atavala tayi ndinachiika pa WhatsApp mwezi wathunthu. Kunena zoona, ndinkafuna mwana aphunzire bwino, komanso ndinkafuna mudzi uone kuti sindinamusiye pachabe.

Teremu yachiwiri isanathe, mu Malichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy. Inu a ku Muloza ndi ku Limbuli simufunika kukuuzani. A kwathu anapulumuka ndi moyo, koma khoma la nyumba ya amayi linagwa ndipo chimanga chonse cha kudimba chinapita ndi madzi. Kandalama kamene ndinkasunga kanathera pa simenti ndi matumba a chimanga. Kumapeto kwa chaka chomwecho mabwana anga a nthawi imeneyo anasamukira kunja, ine n'kutsala ndi maganyu a masiku awiri kapena atatu pa sabata, lendi ikundidikira.

Pano ndinenepo chinthu chimodzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu kumudzi ankati a ku Joni alemera, randi yakwera. Inde, randi imodzi inkabala makwacha ambiri. Koma fizi inakwera, sopo anakwera, shuga anakwera, ndipo randi imene siikubwera m'thumba siibala kanthu.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali mu teremu yachiwiri ya Folomu 2. Amayi anandiimbira pa vidiyo. Iwo foni sadziwa kuigwira, kamera inkaloza kudenga, ndinkangoona malata. Kenako anaitembenuza, ndipo ndinaona mwana wanga atakhala pakhonde, chikwama chili pamiyendo, fumbi la kabaza lili mbuu m'masokosi. Anamubweza chifukwa cha ngongole ya fizi, pamodzi ndi anzake ena, atawaitana mayina pa asembule. Sanalire. Anangoti, "Amayi, musadandaule, ndiziwerenga konkuno." Anakhala pakhomo masabata atatu, mayeso a JCE ali pafupi. Ndinakongola kwa anzanga a kutchalitchi kuno kuti abwerere akalembe. Anakhoza, koma ine ndinadziwa kuti Folomu 3 kumeneko sindingaikwanitse.

Ndinakwera basi, masiku awiri panjira, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, kuti nkhaniyi ndikaikonze ndi pakamwa panga. Ndinkaganiza kuti n'zosavuta: mwana anasankhidwa ku CDSS, ndiye angobwerera pamalo pake. Tinapita ndi achimwene kwa ahedi. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, anatsegula buku la mayina.

"Mayi, mwanayu sanabwere kudzalembetsa Folomu 1," anatero mofatsa. "Malo ake anapita kalekale. Ana amene amakhoza Sitandade 8 ndi ambiri kuposa malo a ku sekondale, sitingasunge mpando wopanda munthu zaka ziwiri."

Izi ndi zimene ndikufuna mumve, abale anga. Ku sekondale ya boma mwana amalowa posankhidwa ndi Unduna wa Zamaphunziro potengera mayeso a Sitandade 8. Transifa imayenda pakati pa sukulu za boma, kwa mwana amene ali kale m'kaundula. Wochokera ku pulayiveti sangangofika ndi lipoti lake n'kukhala m'kalasi ya m'mawa. Khomo limene linatitsegukira ndi la open, ija ena amati sukulu ya masana. Makalasi ndi omwewo, aphunzitsi ambiri ndi omwewo, silabasi ndi yomweyo, ndipo mayeso a MSCE ndi amodzimodzi, satifiketi yake siisiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti amalowa anzawo a m'mawa akaweruka, maola ndi ochepa, ndipo pali fizi yolipira. Kwa ine, ndalama ya teremu imodzi ku pulayiveti kuja inakwanira chaka chonse ku open, n'kutsalako ya makope.

Potuluka mu ofesi muja ndinkayembekezera kuti achimwene andikumbutsa mawu awo aja. Sanatero. Anangoti, "Tiyeni tikamugulire siketi ya yunifolomu pa Limbuli, telala asanatseke."

Tsiku loyamba ndinamuperekeza. Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, kudutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, phiri lili kumanja kwathu, anthu othyola tiyi akupita kukayezetsa madengu awo. Panjira tinakumana ndi ana a m'mawa akuweruka, ena anzake a ku pulayimale. Mmodzi anafuula, "Aa, a pulayiveti abwera!" Mwana wanga anangoweramitsa mutu. Ine ndinamva ngati andibaya, chifukwa manyazi amenewo ndinamusenzetsa ndine. Ndinasuzumira pawindo la kalasi yake. Munali modzaza, atatu pa desiki imodzi. Munali atsikana a msinkhu wake, anyamata a ndevu obwereza, ndi mayi wina wamkulu ngati ine, atamanga chitenje pamwamba pa siketi, akulemba mwachangu kuposa onse.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Buku limodzi la Biology amagwiritsa ntchito anthu angapo. Zipangizo za sayansi n'zochepa, zambiri amangoziona pa bolodi. Aphunzitsi amafika m'kalasi ya masana atatopa kale ndi ya m'mawa. Ndipo nkhawa yanga yaikulu ndi njira: Juni ndi Julayi kukachita chiperoni kumada msanga, mwana wamkazi akuyenda yekha m'tiyi. M'mawa agogo ake ankamutuma kumunda ndi kuchigayo poti ali pakhomo, mpaka ndinachita kuwapempha kuti, "Amayi, m'mawamo ndi nthawi yake yowerenga, muzimuona ngati ali kusukulu." Anamva, ngakhale poyamba anadandaula.

Koma pali zina zimene sindinkazidziwa. Mwana anandiuza kuti ku pulayiveti kuja, m'zaka ziwiri, aphunzitsi a masamu anasintha kanayi, wina ankangochoka pakati pa teremu osatsanzika. Sankandiuza poopa kundikhumudwitsa, poti ankadziwa mmene ndalamayo ndinkaipezera. Kuno mphunzitsi wake wa masamu ndi mmodzi chiyambireni Folomu 3, wophunzitsidwa bwino ntchito yake, ndipo Loweruka lina amawaitana kudzabwereza popanda kulipiritsa. Sindikunena kuti sukulu za pulayiveti zonse n'zotero, zilipo zabwino kwambiri. Ndikunena kuti ine ndinasankha ndili kutali, poona mpanda ndi tayi pa chithunzi, osafunsa kuti akuphunzitsa ndani.

Kumayambiriro kwa chaka chino Mulungu anandikumbukira, ndinapeza ntchito yokhazikika, ino ndikugonera konkuno. Malipiro oyamba atalowa ndinamuimbira mwana, ndinati teremu ikubwerayi ndikubwezera ku pulayiveti, tipeze ina yabwino. Anakhala chete kanthawi.

"Amayi, ndisiyeni pompano," anatero. "Kuno palibe amene amandiitana dzina pa asembule. Ndikagona ndimadziwa kuti mawa ndilowa m'kalasi. Mukafuna kundithandiza mundigulire njinga ndi mabuku anga anga."

Njinga tinagula, achimwene anakaisankha okha ku Limbe. Ndinawonjezera nyale ya sola, buku la Biology, la Chemistry ndi la masamu. Ndalama yotsala ndikuisunga padera mwezi ndi mwezi, poti MSCE ikubwera, ndipo akapeza makirediti 6 amene amafunika ku yunivesite sindikufuna adzandipeze manja ali m'khosi. Dzulo madzulo ananditumizira uthenga kuti wafika bwino kusanade, ndipo tcheni cha njinga chikufunika mafuta.