Penti ndi wokongola, koma sill ya kumanja ya Alfa 1750 GTV anangoiphimba dzimbiri lili m'kati

Galaja imene inakonza bodi ya galimoto yanga n'kuipenta ndaipatsa nyenyezi 3 pa 5. Ndikanalemba ndemangayi mu Novembala, ntchito isanabwerezedwe, ikanakhala nyenyezi imodzi yokha.

Galimoto yake ndi Alfa Romeo 1750 GTV ya 1970, ya chiwongolero cha kumanja, mwa zija zinkalumikizidwa ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Inakhala zaka zambiri ku Durban, ndipo amene mumadziwa ma 105, gulu la ma Alfa limene GTV ilimo, mukudziwa kale zimene mphepo ya mchere ya kunyanja imachita kunsi kwa galimoto zimenezi. Galaja yake ili ku East Rand, kum'mawa kwa Johannesburg. Tinagwirizana R160,000, theka kulipiriratu, ntchito ya miyezi 4: kuchotsa penti yense mpaka chitsulo chioneke, kudula paliponse pamene padyeka, kuwotcherera chitsulo chatsopano, n'kupopera penti wofiira wa Rosso Alfa 501. Inatuluka patatha miyezi 11, ndipo pasanathe milungu 6 inali itabwereranso.

Vuto lonse linali pa sill, chitsulo chachitali chija chili kunsi kwa chitseko, kuchokera kuseri kwa tayala la kutsogolo kukafika pa tayala la kumbuyo. GTV ilibe chasisi yapayokha, bodi yomweyo ndi imene imasenza zonse, ndipo ma sill awiriwo ndiwo msana wake. Sill iliyonse ili ndi zitsulo zitatu: cha kunja chimene timachiona, cha m'kati chimene chalumikizana ndi pansi popondera, ndi cha pakati chobisika, chimene chimalimbitsa zinzakezo. Dzimbiri limayambira m'katimo, ndiye pofika poti lioneke kunja, cha pakati chija chimakhala chitatha kale. Komanso sill ya galimotoyi imapitirira kulowa kuseri kwa madigadi a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndipo madigadiwo ndi owotcherera, si omanga ndi mabawuti. Wofuna kusintha sill moyenera ayenera kudula kunsi kwa madigadi onse awiri kuti afike kumapeto kwake. Ntchito yake ndi ya masiku angapo mbali imodzi, ndipo zitsulo zonse 6 ndinaitanitsa ndekha kuchokera ku UK n'kuzipereka m'manja mwa manijala wa galajayo.

Mvula yoyamba itagwa, pa sill ya kumanja panatuluka timatuza 5 tondondozana, tating'ono ngati mapira, pafupi ndi pamene pamalowa jeke. Nditagona pansi kuyang'ana, mabowo otulutsira madzi amene ali mbali ya kumanzere, kumanja kunalibe, msoko wonse wa kunsi unali wosalala ngati wakhulidwa ndi mkhulo. Kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti kankasonyeza ma micron 250 mpaka 300 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi) pa sill ya kumanzere, zomwe n'zoyenera kwa galimoto yopentedwanso ndi 2K, penti wosakaniza ndi mankhwala oumitsa. Kumanja kanalephera kuwerenga, ndipo malire ake ndi ma micron 2,000. Maginito amene ankamatirira zolimba kumanzere, kumanja ankangogwa pansi. Chomaliza chinali chitseko. Galimoto ili pa matayala onse 4, mpata wa chitseko unali mamilimita 4 kuzungulira konse, koma ikangokwezedwa pa jeke, chitsekocho chinkakhula pakona ya pamwamba ya kumbuyo n'kumavuta kutseka. Bodi yolimba siichita zimenezo.

Apa ndi pamene manijala uja anandikwiyitsa, ndipo mpaka pano mtima wanga sunamukhululukire. Poyamba anati ndi miyala ya mumsewu. Nditamufunsa kuti mwala ungatukumule bwanji penti kuchokera pansi, anati ndinatsuka galimoto ndi madzi amphamvu. Nditapempha zithunzi za mbali ya kumanja isanapakidwe filler (phala lomatira malo olowa kuti asalale), zomwe tinagwirizana pa koteshoni, anati foni yake inawonongeka, koma za kumanzere zinalipo zonse 14. Invoice yake inalemba ma sill 2, zitsulo zitatu mbali iliyonse, ndipo ndinalipira zonse. Tili mkati mokangana choncho, ndinaona chitsulo chachitali chakuda chitatsamiritsidwa pakhoma kuseri kwa kompuresa. Chinali chitsulo cha pakati cha sill ya kumanja, chimene ndinagula ndi ndalama zanga, chikadali ndi kapepala ka nambala yake, fumbi lofiira la penti wa galimoto yanga yomwe litachikuta pamwamba. Manijalayo sanapepese, anangolowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Mwini galaja atabwera tsiku lotsatira analamula kuti sill idulidwe ine ndikuona. Filler inali yokhuthala mamilimita 7, pamene yoyenera siipitirira 3, ndipo pa ntchito yabwino imakhala yopyapyala kuposa pamenepo. Inapakidwa pa chitsulo chosapopera epoxy primer, penti woyamba woteteza chitsulo ku dzimbiri, chonsecho filler ya polyester imamwa chinyezi ngati siponji. Kunsi kwake kunali chitsulo chatsopano cha kunja, chongosanjikiza pamwamba pa chakale n'kuchigwiritsa ndi timadontho ta weld totalikirana masentimita 10. Chakalecho anachimenya ndi hamala kuti chilowe m'kati, chatsopano chikwane. Cha pakati chinali chitasanduka makoko ofiirira oyoyoka ndi chala, ndipo pansi pake panadzaza mchenga wa sandblasting (wopopera mwamphamvu pochotsa penti ndi dzimbiri), wonyowa, wokwana manja awiri. Pokwezera jeke pankangogwira ndi filler ndi tizidutswa ta chitsulo. Galimoto imeneyi ikanagundidwa m'mbali, palibe chimene chikanateteza woyendetsa, ndipo mbali yake ndi yomwe kuli chiwongolero.

Zinadziwika kuti madala amene anapanga mbali ya kumanzere anadwala kwa milungu ingapo, ndiye manijala anapatsa mnyamata wophunzira ntchito kuti amalize msanga, galimoto ilowe mopopera penti. Mnyamatayo sindimuimba mlandu, anachita zimene anauzidwa.

Mwini galaja anavomera kubwereza ntchitoyo popanda kulipiritsa, ine ndinangogulanso chitsulo cha kunja, poti choyambacho chinaonongeka pochidula. Madala aja atachira anaigwira okha, ndipo mmene anaigwirira ndi chifukwa chake nyenyezi zakwera kufika 3. Anayamba ndi kukhazika galimoto pa masitandi 4 pa simenti yolevo, kenaka anawotcherera machubu a makona anayi a mamilimita 25 mopingasa m'kati mwa khomo la chitseko, kuti bodi isapindike sill ikachoka. Chitseko sanachichotse pa mahinji, ankachitseka n'kuyeza mpata nthawi iliyonse asanawotcherere chitsulo china. Ma spot weld akale, timadontho towotcherera ta ku fakitale, anawaboola limodzi limodzi ndi dililo ya mamilimita 8 m'malo mong'amba ndi chizulo. Kunsi kwa madigadi a kutsogolo ndi a kumbuyo anadula mzere woongoka, n'kusunga zidutswazo. Chitsulo cha m'kati chinali chabwino kupatula m'mphepete mwake mwa pansi, ndiye anadula masentimita 60 n'kuikapo chatsopano chokhuthala mofanana.

Pamene zitsulo zikusanjikizana anapoperapo primer ya zinc yolola kuwotcherera, kenaka n'kulumikiza ndi ma plug weld (kuboola chitsulo cha pamwamba n'kuwotcherera m'bowomo) otalikirana mamilimita 30, monga anachitira a ku fakitale ndi ma spot weld. Pa madigadi, pamene msoko umaonekera, sanasanjikize, anakumaniza zitsulo mlomo ndi mlomo, ndi waya wowotcherera wa makina a MIG wa mamilimita 0.6, dontho apa, dontho lina kutali, n'kuziziritsa ndi mpweya wa kompuresa asanapitirize. Chitsulo cha bodi zimenezi ndi chopyapyala, sichifika ndi milimita imodzi yomwe m'malo ambiri, ndiye ukachiwotcherera mzere umodzi osapumira chimapindika ngati lata la denga, ndipo pamenepo m'pamene anthu amayamba kuthira filler yambiri. Atapala ndi gulayinda anazimitsa magetsi, n'kuika tochi kuseri kwa msoko. Panaoneka timabowo 2 towala ngati nyenyezi, anatitseka, n'kuyesanso. Ndinawafunsa ngati zimenezo n'zofunikadi pa malo oti adzapakapo primer. Anati, "Bambo, kabowo kamene kakulowetsa kuwala kadzalowetsanso madzi, ndipo mudzabweranso kuno mutakwiya."

Za penti ndilibe dandaulo lalikulu, ndipo ndikunena izi ngakhale mtima unkafuna kupeza cholakwa. Wopopera wa pamenepa ntchito amaidziwa. Denga, boneti ndi chivundikiro cha buti sanazichite sandblasting, anagwiritsa ntchito mankhwala ochotsera penti ndi sandipepala yokhakhala ya P80 (nambala ikamakwera imakhala yosalala), chifukwa mchenga wamphamvu umatambasula chitsulo chotakata, ndipo denga likapindika choncho kulibweza n'kovuta kwambiri. Chitsulo chikangoyera ankachipukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta n'kupopera epoxy tsiku lomwelo, filler pamwamba pa epoxy, P80 kenaka P180 pa thabwa lalitali lokhulira, osati ndi chikhatho. Primer yokhuthala, yosakaniza 4 kwa 1 ndi mankhwala oumitsa (hardener), anaisiya milungu 3 asanaikhule, kuti ngati ikufota ifoteretu. Ambiri amathamangira pamenepa, ndipo mizere ya sandipepala imadzaonekera mu penti dzuwa la Disembala likangoomba. Anawaza utoto wakuda wopyapyala pamwamba pa primer n'kukhula ndi P320, kenaka P500, ndipo pamene pankatsalira pakuda ndi pamene panali polowa.

Mzere uja umayenda m'mbali mwa galimotoyi kuchokera ku nyali za kutsogolo mpaka kumbuyo, umene Giorgetto Giugiaro anajambula ali kwa Bertone, kampani ya ku Italy yojambula bodi za galimoto, ndi umene umaulula wokhula wosadziwa. Ambiri amaufafaniza, galimoto n'kuoneka yonenepa ngati sopo. Iyeyu ankamata tepi m'munsi mwa mzerewo n'kukhula kumtunda, kenaka tepi kumtunda n'kukhula kumunsi, ndipo watuluka wakuthwa, wolunjika podutsa pa chitseko mbali zonse ziwiri. Penti ndi 2K wowala yekha wopanda clear, penti woonekera wowalitsa, pamwamba, 2 kwa 1 ndi hardener, thina pang'ono, kamwa ka chopopera ka mamilimita 1.3, makoti 3, mphindi 15 pakati pa koti ndi inzake, n'kuumitsa mu uvuni pa madigiri 60. Chitsulo chosefera madzi pa paipi ya mpweya amachikhuthula m'mawa uliwonse, ndinaona ndi maso anga, ndipo ameneyu yekha ndi amene ndinamuona atavala chigoba chopumira mpweya wa paipi, poti hardener ya 2K ili ndi isocyanate, yomwe imaononga mapapo. Pobwereza mbali ya kumanja sanayese kupopera kachigamba, chifukwa penti wopanda clear akamulekezera pakati pa chitsulo malire ake amadzaoneka ndithu, makamaka wofiira. Anapopera mbali yonse kuchokera ku madigadi a kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi penti wotsala wa chitini choyamba, pa primer ya mtundu womwewo. Padzuwa kapena pa nyali, kusiyana sindikukuona.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zikuonetsa dzanja la manijala yemweyo. Timabowo ta zokongoletsera za stainless anatiboola penti atauma kale, n'kusiya chitsulo chili poyera m'mphepete, ndinachita kupakamo primer ndekha ndi kaburashi. Mawaya a mu injini ali ndi fumbi lofiira poti sanawakute. Bampala ya kumbuyo inabwera itakalika, baji ya Bertone ya pa madigadi a kumanzere inasowa, ndipo mpata wa chivundikiro cha buti ndi mamilimita 3 mbali ina, 6 mbali inayo. Kuzungulira galasi la kutsogolo ndi la kumbuyo, ndi dzenje la tayala la sipeya, malo amene ma 105 onse amadyeka, anadula n'kuika chitsulo chenicheni, pamenepo ndinayeza paliponse ndipo palibe chinyengo.

Kodi ndingatumizeko munthu wina? Ngati madala aja ndi wopopera penti akadalipo, inde, koma mulankhule ndi mwini galaja, osati manijala, ndipo musalipire theka nthawi imodzi ngati ine. Gawani ndalama panayi: chitsulo chikayera, kuwotcherera kukatha, primer ikauma, ndi potenga galimoto. Gawo lachiwirilo musalipire musanapite nokha kukaona misoko ili poyera filler isanapakidwe, mutenge tochi ndi maginito, muwerenge zitsulo zakale zimene adula, ndipo muwauze akusungireni. Zikakhala zitsulo zatsopano 6 zalowa, zakale 6 zikhale pansi. Kachipangizo koyezera penti n'kotchipa poyerekeza ndi chitsulo chimodzi cha sill.

Phula loteteza dzimbiri anapopera m'ma sill onse awiri penti atauma, ndi kapaipi kakatali kolowera pa mabowo a pansi pa kapeti, mpaka linayamba kudontha pa mabowo otulutsira madzi, amene tsopano alipo mbali zonse. Papita miyezi 3 ya mvula ya ku Gauteng chitulukire kachiwiri. Sill ya kumanja ikuwerenga ma micron 280 mpaka 340, maginito akumatirira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo galimoto ili pa jeke chitseko chikutsekeka ndi chala chimodzi. Baji ya Bertone akuti akuifunabe.