Taylor's 20 Year Old Tawny: vinyo wosafuna changu

Ngati mukufuna vinyo wotsitsira chakudya kapena woti aliyense adzaze tambula paphwando, uyu musiyeni. Taylor's 20 Year Old Tawny (tawny ndi mtundu wa vinyo wotsekemera wokhwimira m'migolo yathabwa) ndi womwa pang'onopang'ono mutakhuta kale, ndipo pa ntchito imeneyi botolo lomwe ndangomaliza landikhutiritsa kwambiri.

Mukamuthira m'galasi, sakhala wofiira ayi. Mtundu wake uli ngati wa tiyi wopanda mkaka yemwe masamba ake alowerera bwino. Fungo loyamba kukufikani ndi la mphesa zouma ndi nkhuyu zouma, koma mukazunguza galasi n'kudikira pang'ono, mumamva mtedza wokazinga ndi khungu la lalanje. M'kamwa amayamba ndi kukoma kwa shuga wopserera pang'ono ndi uchi, kenako kumabwera kakuwawasa kochepa kamene kamatsuka lilime. Kakuwawasa kameneka ndiko kandigwira mtima. Vinyo wambiri wotsekemera amakola msanga, moti ukamwa kawiri katatu umafuna madzi, koma uyu amakusiya ukufuna kulawanso. Ukameza, mtedza uja umatsalira kukhosi nthawi yaitali ndithu.

Kukoma konseku kuli ndi kochokera. Mphesa zake zimalimidwa m'mapiri a chigwa cha mtsinje wa Douro, kumpoto kwa Portugal, dera lomwe malire ake anaikidwa ndi boma mu 1756. Madzi a mphesa akangowira masiku ochepa, opanga amathiramo mowa wotcheza kuchokera ku mphesa, wamphamvu pafupifupi 77 peresenti, ndipo kuwira kumalekera pomwepo shuga wa chipatsocho asanathe. Kenako vinyoyo amakagona m'migolo yathabwa ku Vila Nova de Gaia, tsidya lina la mzinda wa Porto. Mpweya umalowa pang'onopang'ono kudzera m'thabwa, kufiira kumazilala, wina amauma, ndipo wotsalayo ndiye amatenga fungo la mtedza lija. Kampani ya Taylor's yakhala pa malonda amenewa kuyambira 1692.

Zaka 20 zolembedwa pabotolo sizitanthauza kuti mphesa zonse zinathyoledwa chaka chimodzi. Amasakaniza vinyo wa zaka zosiyanasiyana kuti kakomedwe kake kafanane ndi msinkhu umenewo. Ndinalawapo tawny wa zaka 10, ndipo iye amamvekabe chipatso chofiira, mowa wake n'kumabaya pang'ono. Wa zaka 20 ndi wofewa, zonse zagwirizana, ndipo kwa ine kusiyana kwa mtengo n'komveka. Komanso musavutike kumusunga zaka poganiza kuti apitiriza kukoma. Tawny amakhwimira mu mgolo, akalowa m'botolo ndiye kuti wakonzeka.

Ndimamuika m'firiji kwa kanthawi ndisanathire. Akafunda, makamaka nyengo yotentha, mowa umaposa fungo lonse. Akazizira kwambiri, fungo limabisala. Ndinamuyesa ndi chokoleti chakuda, anali bwino, koma pomwe anandikomera kwenikweni ndi pa tchizi cholimba chamchere ndi mtedza wokazinga wopanda zokometsera. Ndi keke yotsekemera kwambiri sindinakonde, shuga anachuluka mbali zonse. Chotsekera chake chimatsegulidwa ndi manja ndipo chimabwerera bwinobwino, choncho botolo langa linakhala m'firiji masabata angapo osasintha kukoma.

Muchenjere ndi mphamvu yake. Ali ndi mowa 20 peresenti, ndipo kutsekemera kumaubisa. Kagalasi kamodzi kakang'ono n'kokwanira. Amene ali ndi matenda a shuga asamutenge ngati vinyo wamba.

Mtengo ndi wokwera, zimenezo sindibisa. Amene thumba silikulola angayambe ndi Cape Tawny wa ku Calitzdorp ku South Africa, wopangidwa mwanjira yofanana. Ine ndigulanso Taylor's yemweyu, ndipo ndidzamutsegula pakabwera alendo ochepa amene ali ndi nthawi yokhala pansi.